Chigubu cha Merlinda

Anatipatsa chigubu cha malita atatu,
nati: dontho lililonse, kuyambira m'mawa uno
kufikira m'mawa winawo. Osataya.
Ndiye ine Dionisio, ndi ndevu zangazi,
ndakwera boti la ku Guimaras kulowera ku Iloilo
nditafukata mkodzo wa mkazi wanga
ngati khanda lobadwa dzulo.
Mnyamata wodula matikiti akuti:
"Ndi vinyo wa kokonati, bambo? Tilaweko."
Ndangoseka naye. Ndikanati chiyani?

Zinayamba ndi mphete.
Mphete yaukwati inakana kuvuka, ngakhale ndi sopo.
Kenako masilipasi anayamba kumuluma mapazi,
thovu m'chimbudzi ngati wina wachapiramo zovala,
ndi gulugufe wofiira uja
amene anatera pamphuno pake nyengo yothyola mango,
natambasula mapiko pamasaya onse awiri,
osaulukanso.
Tinkati ndi dzuwa.
Tinkati ndi mankhwala opopera mitengo.
Apongozi anati mwina ndi pakati,
ndipo kwa sabata ziwiri tinakondwera pachabe.

Dokotala Sumagaysay salankhula mothamanga.
Anajambula nyemba ziwiri kuseri kwa lisiti.
"Izi ndi impso. Ntchito yake n'kusefa.
Asilikali a m'thupi mwake asokonezeka,
akuwombera nyumba imene amailondera.
Sefa yabooka: zoyenera kutsala zikudutsa,
zoyenera kutuluka zikutsalira."
Dzina lake lupasi.
Akuti m'chinenero chakale ndiye kuti mmbulu.
Pachilumba pathu mmbulu kulibe.
Unakwera boti liti?

Lachinayi anamugoneka chafufumimba.
Usapume kaye, anatero.
Singano yaitali inalira kamodzi, tha!
n'kutuluka ndi kaulusi ka mnofu
koti nyerere ikhoza kusenza yokha.
Maola asanu ndi limodzi ali chagada, osatembenuka,
ine ndikuwerenga ming'alu ya kudenga.
Patapita masiku khumi yankho linabwera:
kalasi yachinayi.
Merlinda anati, "Kani matenda nawonso amapita kusukulu?
Andiposa ndi kalasi imodzi."
Nesi anaseka. Dokotala sanaseke.

Diripi masiku atatu.
Kenako mapiritsi, odzaza chikhatho:
ena ogonetsa asilikali aja,
ena a kuthamanga kwa magazi,
kena kowawa kofuna kuti maso azipimidwa chaka ndi chaka.
Za mwana, anati, dikirani kaye;
mankhwalawa sagwirizana ndi mimba.
Pobwerera sitinalankhulane mpaka padoko.

Njinga yamoto inapita mwezi wachiwiri.
Nkhumba, wachitatu.
Mchere tinaupitikitsa m'nyumba,
nsomba zouma ndimakadyera kwa mkulu wanga ngati mbala.
Nkhope yake inazungulira ngati mwezi,
tsitsi likutsalira m'chipeso,
galasi analitembenuzira kukhoma
ndipo ine ndinaphunzira kumeta ndevu mongopapasa.

Zaka zonsezi wakhala akukulunga mango aang'ono m'nyuzipepala,
limodzi limodzi, kuti tizilombo tisawalase.
Lero akudzikulunga yekha:
malaya a mikono yaitali, chipewa, ambulera,
kumunda mbandakucha, kubwerera dzuwa lisanakwiye.
Mwana wa mnansi akatsokomola, amatseka zenera.

Chigubu ichi n'chachitatu.
Choyamba chinanena zoopsa.
Chachiwiri chinachita chibwibwi.
Ichi sindikudziwa; ndachigwedeza pang'ono, thovu lachepa,
koma ine si makina.
Dokotala anatichenjeza kale:
mawu akuti "wachira" sadzatuluka pakamwa pake.
Adzangoti, "Mmbulu wagona.
Musasiye mankhwala, mungaudzutse."

Boti likuyandikira. Mafunde akumenya,
ndagwira chitsekerero ndi manja awiri.
Chimene sindinamuuze mnyamata wa matikiti ndi ichi:
usiku wathawu, magetsi atazima,
Merlinda anandigwedeza phewa.
"Taona."
Sindinaone kanthu mumdimamo.
Anandigwira dzanja, n'kuikamo kanthu kofunda, kozungulira.
Mphete. Yavuka yokha, popanda sopo.
Anaivalanso, n'kuivula,
n'kuivalanso,
akuseka chapansipansi kuti apongozi asadzuke.